Kuyabwa kochokera ku chiwindi: zoti muchite muli kuno ku Joni

Funso ili landitopetsa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi, wina akandifunsanso ndizingomutumizira. Limabwera mosiyanasiyana koma ndi lomwelo: "achemwali, thupi likundiyabwa usiku wonse sindikugona, ziwengo palibe, ndadzola chilichonse, nditani?" Ena amafunsira amuna awo, ena amafunsira mayi awo amene anawaitanitsa kumudzi kuti adzaonane ndi madokotala kuno. Poti ndimagwira ntchito yosamalira odwala anthu amaganiza kuti ndili ndi kirimu wina wake amene ndimabisa. Ndilibe. Kuyabwa kumene ndikukamba pano kumachokera m'kati, zodzola zimangoziziritsa pamwamba, ndiye ngati mukufuna kugonanso ngati munthu ntchito yake ndi iwiri, kupeza chimene chatseka ndulu komanso kumwa mankhwala oyenera pa nthawi yoyenera.

Chimachitika ndi ichi. Chiwindi chimapanga ndulu, madzi owawa obiriwira aja timasamala kuti asaphulike tikamatumbula nkhuku. Ndulu imayenera kutsika m'timachubu kupita m'matumbo kukathandiza kugaya mafuta. Timachubu tikatsekeka, kapena chiwindi chikatupa n'kulephera kukankha nduluyo, zinthu zimene zimayenera kutuluka zimabwerera m'magazi n'kumakasokosa timitsempha ta pakhungu. Pa failo yanu adokotala akalemba mawu oti cholestasis akunena zimenezi.

1. Yambani mwaona ngati si mphere kapena nsikidzi

Tinene zoona, ambirife timakhala mothithikana, chipinda chimodzi anthu anayi ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville kapena Mayfair, matilesi ogula akale, ndiye kuyabwa kwambiri kumakhala kwa nsikidzi kapena mphere basi. Mphere imagwira pakati pa zala, m'chiuno, kumaliseche, pamatuluka titsungu, ndipo amene mumagona nawo amakandanso. Nsikidzi zimasiya tizilonda tondondozana ndi timadontho ta magazi pa shiti.

Kwa chiwindi kuli ndi khalidwe lake. Khungu limaoneka labwinobwino kupatula mizere imene mwadzikanda nokha. Kumakonda m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi kenako kumafalikira thupi lonse, kumakula madzulo ndi usiku, kukatentha kumanyanya, ndipo kukanda sikuthandiza, mumakanda mpaka magazi koma kuyabwa kuli pomwepo. M'nyumba mukukanda ndinu nokha. Onaninso maso padzuwa, osati pa babu la m'chipinda, ngati ali achikasu. Onani mkodzo ngati wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndi chimbudzi ngati chatuwa. Koma musadikire chikasu kuti mukhulupirire, pali anthu amayabwa miyezi yambiri maso asanasinthe.

2. Izi zikaoneka, pitani ku casualty lero lomwe

Kutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi chikasu komanso kupweteka kumanja pansi pa nthiti. Kusanza magazi, kapena chimbudzi chakuda bii chonata ngati phula. Munthu kuyamba kusokonezeka, kugona usana wonse n'kumakhala maso usiku, kuyankha zosagwirizana. Mimba kutupa msanga ndi kupweteka. Izi si zodikira tsiku la off. Pafoni imbani 112 kapena 10177. Malamulo akulu a South Africa, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense sayenera kukanizidwa chithandizo chadzidzidzi, sananene kuti wa mapepala yekha.

Amayi oyembekezera ndikupatuleni padera. Ngati muli m'miyezi itatu yomaliza ndipo zikhatho ndi mapazi zikuyabwa usiku popanda ziwengo, musamvere zoti "ndi mimba imatero, mwana ali ndi tsitsi lambiri". Kuli vuto la ndulu limene limabwera ndi pakati, kwa inu limatha mukachira koma kwa mwana likhoza kukhala loopsa, mpaka kufera m'mimba. Uzani anesi ku sikelo tsiku lomwelo kuti akuyezeni chiwindi ndi zimene amati bile acids. Nthawi zina amasankha kukuchiritsani masiku asanakwane. Mwana akachepetsa kugunda musagone nazo. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene achokera.

3. Kayezetseni magazi, ndipo mudziwe chimene mukupempha

Kuno sungangodzuka n'kukalowa kwa dokotala wa chiwindi. Mumayambira ku kiliniki ya dera lanu, iwo ndi amene amalemba kalata ya referral yopita ku chipatala chachikulu, kaya Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph, Chris Hani Baragwanath ku Soweto imene tonse timangoti Bara, kapena Rahima Moosa kwa amayi ndi ana. Tengani pasipoti kapena pepala lililonse limene muli nalo, umboni wa kumene mukukhala, ndipo lawirirani. Ngati Chingerezi chimakuthawani mukapanikizika pitani ndi wina.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amangoti thupi likuyabwa, anesi ali ndi mzere wautali panja, amakupatsani Allergex, timapiritsi ta ziwengo, ndi kabotolo ka zodzola, mwabwerako. Nenani zonse m'mpweya umodzi: kuyabwa kwatenga masabata angati, kuti palibe ziwengo, kuti ndi m'manja ndi m'mapazi, kuti simukugona, mtundu wa mkodzo ndi chimbudzi, ngati mwaonda. Perekaninso nambala, pa 10 kuyabwa kwanu kuli pa zingati. Madokotala amamva manambala msanga kuposa madandaulo. Kenako pemphani kuti akuyezeni LFT, ndiko kuyeza magazi koona mmene chiwindi chikugwirira ntchito. Pa pepala la zotsatira muona ALP, GGT ndi bilirubin, amenewa akakwera amaloza ku ndulu yosayenda, pomwe ALT ndi AST amaonetsa kutupa kwa chiwindi chenichenicho. Pemphaninso kuyeza hepatitis B ndi C, ndi sikani ya m'mimba.

Sikaniyo musaipeputse. Ngati chatseka ndi mwala wa mu ndulu kapena chotupa, palibe piritsi limene lingathetse kuyabwa mpaka atatsegula njira. Amalowetsa kachubu kudzera pakamwa, amati ERCP, n'kuchotsa mwala kapena kuika kapaipi, ndipo ambiri kuyabwa kumatsika m'masiku ochepa. Zoyambitsa zina ndi hepatitis B, imene ili yambiri kwathu ndi kuno komwe, mowa, mankhwala ena, ndi matenda amene thupi limalimbana ndi timachubu take tomwe monga PBC, imene imakonda amayi a zaka zapakati. Za hepatitis B ndiwonjezere kuti katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana mu 1995 ku South Africa ndipo ku Malawi mu 2002, ndiye ife tinabadwa kale kuposa pamenepo ambiri sitinabayidwe. Mukapezeka nayo, akunyumba kwanu akayezetsenso.

Jambulani zotsatira zonse pafoni. Mafailo amasowa, ndipo mudzaonana ndi dokotala wina ulendo uliwonse.

4. Sonkhanitsani zonse zimene mumamwa muike mu pulasitiki imodzi

Zonse ndikutanthauza zonse. Za kuchipatala, za ku spaza, mabotolo "otsuka magazi" ogula pa taxi rank, mizu imene anakutumizirani pa basi kuchokera kumudzi, tiyi wochepetsa thupi, za mphamvu za abambo. Kaonetseni adokotala ndipo musachite manyazi, saweruza mlandu, akufuna adziwe chimene chikupweteka chiwindi. Zitsamba ndi mabotolo osadziwika zija siyani pompano. Ndikudziwa ena mukwiya nane koma chiwindi chodwala ndi chimene chimasefa zonsezo, mukuchisenzetsa katundu wina chili chogona kale. Mowa nawo ziro, ngakhale ka weekend. Ngati mumamwa kwambiri tsiku ndi tsiku uzani a kuchipatala akuthandizeni kusiya, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa kunjenjemera ndi kukomoka.

Grand-Pa, amene timangothira pa lilime mutu ukangoti pang'ono, muli aspirin ndi paracetamol. Aspirin, Brufen ndi diclofenac ndi zoopsa kwa munthu amene chiwindi chinauma, zimatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba ndi kuononga impso. Panado amaloledwa koma mochepa, madokotala ambiri amaika malire a magalamu 2 patsiku, ndiye kuti mapiritsi 4 a 500 mg, ndipo muwerengere ndi paracetamol wobisala m'mankhwala a chimfine.

Koma ma ARV musasiye panokha. Mu TLD, piritsi la ARV lomwa kamodzi patsiku lija, muli tenofovir amene amaponderezanso hepatitis B, ngati muli nayo mukangosiya kachilombo ka hepatitis B kamadzuka mwaukali ndipo chiwindi chikhoza kulephera. Ngati muli pa mankhwala a TB ndipo mwayamba chikasu, kusanza kapena kuyabwa, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo musanamwe ena, chifukwa isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse amatha kutupitsa chiwindi. Bactrim nayenso amatero kwa ena.

5. Khungu lisamaleni, makamaka nyengo yozizira

Johannesburg ili pamtunda, mamita opitirira 1,700, ndipo mu June ndi July mpweya umauma moti ngakhale wabwinobwino amatuwa. Khungu louma limawonjezera kuyabwa pamwamba pa kuyabwa. Ndiye anthu amachita zosemphana, amasamba madzi otentha kwambiri chifukwa pa nthawiyo zimakoma, akatuluka m'bafa moto umabwerera kawiri. Sambani ofunda pang'ono, mwachangu. Sopo wobiriwira wochapira zovala, Dettol, Jik, spirit, mandimu, mwala wokhulira, zonsezi ayi. Sambirani aqueous cream kapena emulsifying ointment m'malo mwa sopo, dzipukuteni mongogunda, ndipo dzolani thupi lisanaumiretu.

Chimene chimathandizako ndithu ndi aqueous cream wosakaniza menthol 1%. Funsani ku pharmacy, ambiri amasakaniza pomwepo. Musungeni mu fuliji ngati muli nayo, wozizira amagwira bwino. Calamine amaumitsa khungu. Betnovate ndi makirimu oyeretsa aja sathandiza kuyabwa kwa mtundu uwu, amangopyapyalitsa khungu kuti lizing'ambika msanga mukakanda.

Valani za thonje zomasuka. Mabulangete onenepa a mink aja asakhudze thupi, yalani chitenje chakale chofewa pakati. Hita ndi bulangete la magetsi zimitsani musanagone. Zikhadabo wengani zifupike.

6. Ufa wa cholestyramine: apa ndi pamene ambiri amagwa

Mankhwala amene madokotala amakonda kuyambira ndi ufa wa m'timapaketi ta magalamu 4, dzina lake cholestyramine, ena amaudziwa kuti Questran. Sulowa m'magazi. Umakhala m'matumbo n'kumagwira ndulu kuti ituluke ndi chimbudzi m'malo mobwerera m'thupi. Anthu ambiri amandiuza kuti "ufa uja sugwira", koma ndikafunsa mmene amamwera ndimapeza kuti vuto ndi nthawi, chifukwa pokupatsani amangoti kawiri patsiku osafotokoza zambiri.

Choyamba, ufawu sumasankha chogwira. Ukakumana ndi mapiritsi anu ena m'matumbo umawagwiranso n'kutuluka nawo. Ndiye lamulo lake ndi ili: mankhwala ena alionse mumwe ola limodzi musanamwe ufa, kapena padutse maola 4 mutamwa ufa. Izi zikukhudza a BP, a shuga, a chithokomiro, warfarin woletsa magazi kuundana, mapiritsi olera, ma ARV, ngakhalenso ursodeoxycholic acid amene mwina dokotala yemweyo wakupatsani wa chiwindi. Munthu akhoza kumamwa zonse mokhulupirika koma BP osatsika, kapena kutenga pakati ali pa mapiritsi, chifukwa choti amameza zonse pamodzi ndi tiyi wa m'mawa.

Chachiwiri, nthawi yake yabwino ndi pa chakudya choyamba cha tsiku. Usiku wonse ndulu imakhala ikudzadza m'kathumba kake, mukangodya m'mawa kathumbako kamafinya yonse kupita m'matumbo, ndiye mukufuna ufa ukhale uli pomwepo kudikira. N'chifukwa chake ambiri amauzidwa paketi imodzi asanadye kadzutsa, ina atangomaliza. Amene amadumpha kadzutsa n'kumamwa ufa 3 koloko masana m'mimba muli mbee akungotaya mankhwala. Ngakhale buledi ndi tiyi, kapena phala, idyani kenakake.

Tiyeni tiike pa wotchi, tinene mayi wogwira ntchito ya m'nyumba amene amanyamuka 6 koloko kukakwera taxi. Akadzuka 4:30 amwe mapiritsi a m'mawa ndi madzi, asambe, akonzeke. 5:30 paketi yoyamba, adye, paketi yachiwiri. Kuyambira pamenepo piritsi lililonse lidikire mpaka cha m'ma 10 koloko. Ngati ali ndi paketi yachitatu amwe pa nkhomaliro, 12 kapena 1 koloko, ndiye kuti TLD wa 8 koloko usiku alibe vuto. Chimene sachita ndi kumwa ufa pa chakudya chamadzulo kenako ARV pogona. Achimwene a security amene mumagwira usiku, kadzutsa wanu ndi chakudya choyamba mukadzuka masana, werengerani kuchokera pamenepo. Lembani ndondomekoyi papepala, kaonetseni a pharmacy aione, kenako ikani ma alamu pafoni. Abale athu achisilamu, ya Ramadan kambiranani ndi adokotala komanso a shehe mwezi usanafike, wodwala ali ndi chilolezo.

Chachitatu, kakomedwe. Sindikunamizani, uli ngati mchenga. Musamwe wouma, ukhoza kukutsamwitsani. Thirani mu kapu ya madzi kapena juwisi, takasani, siyani kwa mphindi zingapo, takasaninso. Ambiri amaupirira bwino akasakaniza usiku n'kuika mu fuliji, m'mawa umakhala wosalala. Mukamaliza tsukuluzani m'kamwa.

Chachinayi, umadzimbitsa ndi kudzadza mpweya m'mimba, ndipo apa ndi pamene anthu amausiya mwakachetechete. Yambani ndi paketi imodzi patsiku ngati adokotala avomera, muzikwera pang'onopang'ono, malire ake ndi mapaketi 4 patsiku. Imwani madzi, idyani masamba ndi zipatso, ndipo kudzimbidwa kukapitirira nenani, amapereka lactulose wofewetsa chimbudzi. Kwa munthu amene chiwindi chinauma kudzimbidwa si nkhani yaing'ono, kumabweretsa kusokonezeka mutu kuja. Mukaumwa miyezi yambiri umachepetsanso mavitamini A, D, E ndi K, ndiye mukaona nkhama zikutuluka magazi kapena mabala akuda osadziwika chiyambi, kanene.

Upatseni sabata imodzi kapena awiri musanaweruze. Usiku uliwonse lembani nambala ija ya pa 10, kuti pobwerera mukhale ndi chooneka. Nthawi zina ufawu umasowa m'ma pharmacy, musangokhala, bwererani kwa dokotala akupatseni china.

7. Ufa ukakanika, nkhani sinathe

Pali masitepe ena ndipo ndi bwino muwadziwe maina kuti muzitha kufunsa. Rifampicin, yemwe uja wa TB, pa mlingo wochepa woyambira 150 mg amathandiza anthu ambiri. Amafiiritsa mkodzo ndi misozi, zimenezo si vuto. Vuto ndi loti amatha kutupitsa chiwindi ndiye magazi amayenera kuyezedwa pafupipafupi, amafooketsa mapiritsi olera ndi implanti ya pamkono, ndipo amatsitsa dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a mu TLD, moti mlingo umafunika kusintha. Komanso kuno TB ndi yambiri, dokotala amayamba watsimikiza kuti mulibe, chifukwa kumwa rifampicin yekha uli ndi TB yobisala kumapangitsa TB yosamva mankhwala. Ndiye chonde musapemphe mapiritsi otsala kwa mnzanu amene anali pa thiritimenti.

Ena ndi bezafibrate, amene poyamba ndi wa mafuta m'magazi, naltrexone, amene masiku oyamba amatha kukupatsani nseru ndi kusakhazikika ndipo sayenda limodzi ndi tramadol kapena codeine, ndi sertraline. Sertraline ndi mankhwala a matenda a nkhawa, ndiye ena akawerenga pepala la m'bokosi amakhumudwa kuti adokotala akundiyesa wamisala. Ayi, amachepetsadi kuyabwa kwa mtundu uwu. Madokotala a khungu alinso ndi chithandizo cha kuwala kwa UVB. Pamapeto penipeni pali kuika chiwindi china, zimene kuno zimachitika ku Wits Donald Gordon Medical Centre ku Parktown, koma imeneyo ndi nkhani ya anthu ochepa ndipo ili ndi malamulo ake.

Allergex ndimutchule mwapadera poti aliyense ali naye m'chikwama. Kuyabwa kwa ndulu sakukhudza, amangokugonetsani. Ngati chiwindi chafooka kwambiri, iyeyu ndi mapiritsi ogonetsa akhoza kukukankhirani ku kusokonezeka, ndiye funsani kaye.

8. Usiku

2 koloko usiku kuyabwa kukakudzutsani, musalimbane nako muli pabedi. Dzukani, vikani manja ndi mapazi mu beseni la madzi ozizira kwa mphindi zingapo, dzolani wa menthol uja, kapena kulungani botolo la madzi oundana mu kansalu muziika pamene pakuyabwa. M'malo mokanda, dinikizani kapena menyani pang'ono ndi chikhatho. Foloko, chipeso ndi waya wotsukira mapoto zichoke pafupi ndi bedi, ndaona miyendo imene yachita mafinya chifukwa cha zimenezi. Ena amagona atavala masokosi a thonje m'manja. Pamene pang'ambika tsukani ndi madzi oyera n'kuphimba, pakafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya pitani ku kiliniki.

Inu amene mukudwazika, mawu oti "siya kukanda" asiyeni, munthuyo sakuchitira dala. Kuyabwa kumeneku sikupatsirana, musamupatulire mbale kapena kumusamutsa pabedi. Kusagona masabata ambiri kumafooketsa mtima, ena amafika poganiza zodzipha. Zikafika pamenepo nenani kwa dokotala momveka, chifukwa zimenezo zimasintha liwiro limene amakuthandizirani, ndipo a SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, ali ndi nambala yaulere, 0800 567 567.

Amene mukukonza zopita kumudzi mu December, kapena abale akuti bwererani tidzakusamalireni kuno, musanakwere basi pemphani kalata yofotokoza matenda anu ndi zotsatira za magazi ndi sikani, kuti ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Mzuzu Central asakayambirenso pa ziro. Mankhwala tengani okwanira ulendo wonse ndi masabata ena apamwamba, muike m'chikwama cha m'manja osati mu trailer, pamodzi ndi pepala la dokotala loti muonetse pa Beitbridge ndi pa Mwanza akafunsa. M'basi mumatentha ndipo ulendo ndi wa masiku awiri kapena kuposa, ndiye kabotolo ka menthol ndi kansalu konyowetsa zikhale pamiyendo panu.